A Dirizo ndi Denga la Akazi Awo

Zaka makumi asanu ndi awiri anakhala pansi pano a Dirizo, koma mvula sanaionepo ndi tsiku limodzi lomwe. Anthu ankanyowa, ngalande zinkasefukira, mipanda inkagwa, iwo n'kungotulutsa chikhatho pawindo, kuchiyang'anitsitsa ngati dokotala, n'kugamula kuti, "Dirizo chabe iyi."

Mawuwa anawatola ali mnyamata, atagwira ganyu yosesa kwa miyezi itatu ku ofesi ya zanyengo. Bwana wina kumeneko anawauza kuti m'Chingelezi kamvula kowaza pang'onopang'ono, kosasokosa pamalata, kali ndi dzina lakelake. Basitu, mutu unazungulira. Tsache analisiya, anakaphunzira ukalipentala wokhoma madenga, koma mawu aja anawasunga kuposa setifiketi, mpaka anasanduka dzina lawo.

Akazi awo, mayi telala, anayesa kuwabweza ukwati udakali wauwisi.

"Si mawawa amenewo, bambo? Mawu tili nawo kale ife."

"Mawawa ndi a anthu osayenda. Dirizo ili ndi malamulo ake. Imagwa mwaulemu, timadontho ting'onoting'ono, imanyowetsa malaya koma khungu osalipeza. Munthu wozindikira sathawa dirizo."

"Nanga mvula?"

"Imeneyo ndi nkhani ina. Ikadzagwa ndidzakuuzani."

Mayiwo anadikira zaka makumi anayi, osauzidwa.

Choipa chinali chakuti mawuwa ankapita nawo kuntchito. Mwini golosale wa pakona, yemwe anamukhomera denga, anafika tsiku lina akupuma mwabefu.

"Amisiri, shuga wanga wasanduka manyuchi! Denga lanu lija likudontha!"

A Dirizo anapita, tepi m'thumba, pensulo kukhutu. Anaima pakati pa shopu, dontho n'kuwagwera padazi penipeni. Sanagwedezeke.

"Madontho akugwa angati pa mphindi?"

"Aaa, ndiziwerenganso madontho?"

"Mwaona, simunawerenge n'komwe. Ine ndinalonjeza kuti muno simudzalowa mvula. Za dirizo sitinakambirane."

Chaka china kunagwa chimvula chomwe chinakokolola mlatho wa kumsika. Anthu anawapeza a Dirizo pasiteji ya minibasi, madzi m'maondo, nsapato imodzi itapita kale ndi madzi. Kondakitala anatulutsa mutu pawindo.

"Madala, koma lero ndiye yagwa mvula, eti?"

"Ayi, mphwanga. Awa ndi madirizo angapo angokumana malo amodzi."

Msewu wonse unkafa ndi phwete, koma mayi telala sankaseka nawo. Pabalaza pawo, pamwamba penipeni pa makina osokera, lata linali ndi bowo loti chala n'kulowa. Makinawo ndi amene ankadyetsa banja, poti ndani akanaitananso mmisiri wokangana ndi madzi? Kuwasuntha sikukanatheka, chifukwa pawindo pomwepo ndi pokhapo pankawala mokwanira kuti maso awo otopa aone ulusi. Ndiye ankasoka atamangirira ambulera kumpando, m'nyumba mwawomwawo, mkazi wa wokhoma madenga. Makasitomala ankaluma milomo kuti asaseke, ndipo zimenezi zinkawawawa mayiwo kuposa kuseka kwenikweniko.

"Bambo, denga."

"Ndaliona."

"Chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi mukuliona."

"Mukufuna ndikwere pamwamba chifukwa cha dirizo? Anthu adzati chiyani?"

Makina anayamba dzimbiri. Singano inkadumpha, chopondera chinkalira ngati geti lakale. Kenako linafika tsiku lomwe mayiwo anathamangira kukagula mabatani, atasiya malaya oyera makumi awiri a ana asukulu pamakina. Pobwera anapeza onse ali ndi mawanga ofiira a madzi a dzimbiri, amuna awo ali phee pampando wawo wa pakona, akuwerenga nyuzi ya mwezi watha. Ahedi a sukuluyo atawaona malayawo sanakalipe. Anangonena kuti chaka chamawa apeza telala wokhala m'nyumba ya denga.

Madzulo a tsikulo mayi telala sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinawaopsa a Dirizo.

"Loweruka kukubwera galimoto ya mlamu wanu. Makinawa akupita kwa mchemwali wanga, ndipo komwe akupita makina, inenso ndi komweko. Inu mutsale ndi dirizo yanu, izikuchapirani."

Bambowo anayesa kuseka, koma ataona sutikesi ili yasa pabedi, analeka. Lachisanu masana anabwereka makwerero, anatenga hamala ndi misomali, n'kukwera padenga. Asanazule msomali wachitatu kumwamba kunada.

"Tsikani, bambo, kukugwa mvula!" anafuula mayiwo ali pansi.

"Dirizo!" anayankha ali pamwamba.

Ndipo tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba, munthuyu ankanena zoona. Kanalidi kamvula kowaza, kachetechete, kaja kosathamangitsa munthu. Koma kanawawaza kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, ndipo khungu kanalipeza ndithu. Anatsika milomo ili gwagwagwa, n'kunena kuti, "Muuzeni mlamu asawononge petulo."

Patapita masiku atatu anali m'chipatala ndi chibayo. Namwino polemba pakhadi anafunsa, "Agogo, munanyowa ndi mvula?" Iwo anakweza chala, anapuma kawiri, n'kunong'ona kuti, "Lembani bwino, mwana wanga. Dirizo." Mayi telala anaseka ndi kulira nthawi imodzi. Sabata isanathe, a Dirizo anatisiya.

Masiku ano kukangoyamba kuwaza, anthu amathawira pakhonde la golosale n'kungoima duu, aliyense maso pafoni. Palibenso woti n'kumuputa dala, palibe wodutsa pakati pa msewu pang'onopang'ono, malaya ali chonyowa, akuwayang'ana onse ngati mbuli. Mwini golosale uja, yemwe anawatukwana zaka khumi zathunthu, amati msewu wazizira.

Mvula yeniyeni inabwera patatha mwezi chimwalirireni a Dirizo. Mayi telala anaima pafupi ndi makina, maso ali kudenga, koma sipanagwe dontho. Kenako anamva madzi akudontha kumbuyo kwawo, pakona pomwe panali mpando wa malemu. M'mawa mwake anaitana mkamwini wawo kuti akwere akaone.

"Amayi, lata latsopano kulibe kuno," anatero mkamwiniyo atatsika. "Anangosinthanitsa. Labwino lomwe linali pamwamba pa mpando wawo analikhoma pamakina panu, lobowoka lija analiika pomwe panali labwinolo. Koma kukhoma kwake, eee, sindinaonepo ntchito yaukhondo chonchi."

Mayiwo anauyang'ana mpandowo. Chisoni chinawagwira, ndi mkwiyo womwe.

"Chitsiru cha munthu," anatero akupukuta misozi. "Zaka zisanu ndi chimodzi, ntchito ya masana amodzi."

"Ndikagule lata lina, ndikonze?"

"Musalikhudze."

Masana mvula inayambiranso. Mayi telala anakhala pamakina, n'kuyamba kuponda, nsalu ili youma, mpando wa amuna awo ukunyowa kumbuyo kwawo.