Dzino la Tisa ndi ndowa ya mchenga

Lolemba
Dzino lakutsogolo la mwana wanga Tisa latsalira pachimanga chowotcha. Ndi lija ladothi, longa la makapu a tiyi, limene ndinamuumbira ndekha labu yathu ya mano isanatsekedwe. Silinasweke, langomatuka. Loweruka akukayesedwa ntchito yolandira alendo kuhotela ya m'tauni, ndipo m'nyumba muno mulibenso wolandira malipiro. Simenti ya mano ndatsala ndi kabotolo kamodzi, kakalekale. Sindingaike m'kamwa mwa mwana chinthu chosayesa.

Lachiwiri
Zoyesera: mano a ng'ombe a kubuchala ya ku Mtendere, kapu yosweka, waya, ndowa, mchenga. Ndikumata phale la kapu pa dzino, kupachika kudenga, kukoleka ndowa kuphaleko, n'kumathira mchenga mpaka zitalekana. Loyamba lagwa ndowa ilibe kanthu. Amake Tisa aima pakhomo: "Ba Tembo, mwayamba vamankhwala?"

Lachitatu
Wolakwa si simenti, ndine. Dzulo ndinagwira phale ndi zala zamafuta odzola. Lero ndasamba m'manja, ndamata awiri: losalala, ndi lokwecha ndi sanipepa. Losalala lagwa msanga. Lokwecha lapirira, koma ndinalipepula kwambiri, lasweka pakati, pomata pali chigwirire. Ndiye ndayesa simenti kapena kapu? Tisa ali pagalasi, akuphunzira kunena "takulandirani" mlomo wam'mwamba usakusuntha. Zikundiwawa mumtima.

Lachinayi
Kumpopi kulibe madzi. Ndatsukira mapale m'madzi otsala pochapa. Sopo! Onse agwa. Ndazindikiranso kuti mano a ng'ombe auma gwa pazenera, pomwe la munthu limakhala m'malovu tsiku lonse. Ndiye kuti za dzulo n'zabodzanso. Tisa: "Adadi, matani chabe, nizayenda nalo so." Ndamuuza kuti kuthamanga sikufika. Wangotuluka.

Lachisanu
Zatheka! Kukwecha pang'ono, kutsuka ndi kachasu wa ba Mwale a nyumba yoyandikana, kuumitsa, osakhudzanso. Dzino kulinyika m'madzi, kenako kulipukuta. Ndowa yadzaza, ndasanjikapo njerwa, sizikulekana. Manja awa akadali a mmisiri.

Ndamukhazika Tisa pampando panja, powala bwino. Watsegula pakamwa, ine ndatsegula kabotolo. Mwatsala kafumbi ka m'mbali. Ndakokota ndi kamtengo ka machesi, ndagogoda pansi pake, ndakokotanso. Tisa ali chiyasamire, akudikira.

Loweruka
Tisa wapita kuhotela dzino litamatidwa ndi chingamu, nzeru ya amake. Akuti linayamba kugwedera ali pamzere, analizula yekha n'kulifumbata. Mayi wofunsa mafunso anamuuza kuti, "Mayankho yako yali bwino, koma pa desiki tifuna muntu wosekelela." Wabwera wapansi kuchokera m'tauni, nsapato zobwereka zili m'manja.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite. Amake Tisa akundiyankha mawu amodziamodzi, ndipo akuyenera. Mawa Tisa ayamba kugulitsa zitumbuwa pokwerera minibasi. Ndimayembekeza kuti andikalipira, bwenzi zitandipepukira. Sanatero. Wangondipatsa dzino lake, atalikulunga m'kapepala.

"Sungani, Adadi. Njila mwaiziba manje."

Ndalisunga.