Malikisi awiri amene ndinapatsa Fikisoni

Ine sindikonda zolankhulalankhula, ndipo nkhani iyi ndikadakonda ikadafera m'mimba mwanga. Koma pa Thambani aliyense akuifotokoza mmene akufunira, ena mpaka akuti ndinaseka. Sindinaseke. Zinayenda chonchi.

Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku malire anandigulira TV ndi sola yake. Lamulungu lililonse chakumadzulo kunkabwera sewero la nthabwala. Mwini sewerolo anali munthu wamfupi wotchedwa Fikisoni, wovala jekete lofika m'mawondo. Lolemba m'mawa ndinkapita pakhonde la a Jumbe, atelala, pomwe timakhala akuluakulu, kukapereka chigamulo. Ndinkapereka malikisi pa khumi monga ankatichitira aphunzitsi athu. (Ndinalekezera Sitandade 6, koma ya nthawi imene ija, osati yamasiku anoyi.) Anthu ankadikira. A Jumbe ankaimitsa makina kuti amve bwino.

Fikisoni sanapitirirepo malikisi anayi. Ankanyoza akuluakulu, ankadya akulankhula, ndipo ankakhala pampando apongozi ake ataimirira.

Mudziwenso ichi. Kuno ndinkadziwika ndi chinthu chimodzi: sindinena chimene sindinaone ndi maso anga. Anthu akakangana malire a munda ankaitana ine kukhala mboni. Galimoto ndilibe, ng'ombe ndilibe. Ndinali ndi dzina limenelo basi.

Sabata imene zinachitika izi inali yothyola manachesi. Masiku atatu ndinakhalira kumunda, wailesi itatha mabatire, osamva za dziko. Lamulungu nditachoka kutchalitchi ndinadya chinangwa, kumwera thobwa, n'kukhala pampando wanga. Ndikukumbuka kuti ankatsatsa sopo. Kenako ndinaona mayi wina akuwerenga nkhani m'Chingerezi, kolala ya malaya anga itanyowa. Sewero linali litatha kalekale.

Akazi anga, a Nachisale, analowa kuchokera kokazonda odwala.

"Mwaonera?"

"Ndaonera."

"Zinali bwanji?"

"Zomwe zija."

Limenelo linali bodza loyamba, laling'ono. Likadathera pomwepo ndikadakhala pakhomo Lolemba. Koma ndinavala jekete, kutenga chipewa, ulendo.

Pakhonde ndinapeza pali zii. Makina a a Jumbe anali ovundikira nsalu. Panalinso a Gondwe, azaumoyo ochokera kumpoto amene anawatumiza kuno, munthu wokonda mafunso. Ndinaganiza kuti chete ameneyu ndi ulemu wodikira ine.

"Madala, munaonera dzulo?" anafunsa a Jumbe.

"Kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

"Zomvetsa chisoni, eti?"

"Kwambiri. Awiri pa khumi."

Anayang'anana. Ine ndinayesa kuti akuona ngati ndaumira, ndiye ndinawonjezera kuti limodzi mwa awiriwo ndangomupatsa chifukwa cha chifundo.

"Koma madala," anatero a Jumbe motsitsa mawu, "anthu onse aja akulira chonchija?"

Apa m'pomwe ndinadziona wochenjera. Ndinati m'mtima, ahaa, ndiye kuti dzulo Fikisoni anachita sewero la maliro. (Anachitapo lotere chaka china, anadzuka pamphasa atamva fungo la nyama.) Ndinakhosomola n'kuyamba.

"Kulira kwake kuti? Mayi uja ankalira ngati akumutsina. Misozi yochita kufinya. Munthu wolira zenizeni ndimamudziwa ine."

"Mayi wake uti?" anafunsa a Gondwe.

"Yemwe uja. Wa duku."

"Amene uja ndi mkazi wake."

"Ndiye amuphunzitse ntchito mkazi wakeyo."

A Jumbe anavula magalasi. Pamenepo munthu wanzeru akadatseka pakamwa. Ine ndinapitiriza.

"Nanga bokosi lija munaliona?" anatero a Gondwe.

"Ndinaliona. Kuwononga matabwa. Mumvere ine, sabata yamawa mumuona akutuluka m'bokosimo kupempha ndiwo. Nthabwala zinamuthera munthu ameneyu. Ndakhala ndikunena kuti apume."

Mayi wina amene anabwera kudzatenga diresi lake anagwira pakamwa n'kubwerera osalitenga.

"Madala," anatero a Gondwe, "Fikisoni anamwalira Lachisanu pa ngozi ya galimoto. Dzulo kunalibe sewero. Ankaonetsa mwambo wa maliro ake."

A Jumbe sanafunse n'komwe, anangonena.

"Munagona."

Apa panali khomo lotulukira. Ndikadangoti inde, ndinagona, ndine nkhalamba, akadaseka pang'ono n'kuiwala. Koma ndinati TV yanga siimveka bwino mawu, zithunzi zokha ndiye ndinaona zonse.

"Bokosilo linali la mtundu wanji?" anafunsa a Gondwe.

"Lofiirira."

"Linali loyera."

Ndinaimirira, kuvala chipewa, kupita. Njira ya kunyumba ndi yomwe ija, koma tsiku limenelo inatalika. A Nachisale ndinawapeza atamva kale. (Nkhani pa Thambani imathamanga kuposa kabaza.) Sanandikalipire. Anangoti, "Mkonono wanu ndinaumva ndili pampanda. Ndinkafuna ndione ngati munena nokha."

Patatha mwezi mabanja awiri anakangana malire a dimba lomwe ine ndinalipo pomwe ankaligawa. Ndinapita, ndinanena zoona zokhazokha. Bambo wa mbali inayo anaimirira mwaulemu, manja kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Pepani madala, pamene ankagawapo munali maso?" Bwalo lonse linaseka. Anakaitana mboni ina. Kuyambira pamenepo sanandiitanenso.

Zimenezo zimandiwawa, koma pali china chimene sindinauzepo munthu. Fikisoni ankandiseketsa. Ndinkatseka chitseko dala kuti anthu odutsa asandimve. Tsiku lina ankathawa apongozi ake n'kukodwa m'jekete lake lomwe, ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira, a Nachisale kuthamanga ndi madzi. M'mawa mwake ndinakamupatsa atatu. Ndinkaona ngati munthu wamkulu akayamikira zopusa ulemu umamuchoka. Zaka zonsezo munthuyo ankandisangalatsa kwaulere m'nyumba mwanga, ndipo mawu anga omaliza pa iye anali akuti akuwononga matabwa.

Masiku ano akubwereza masewero ake akale. Ndimaonera nditakhala pachitsa cholimba, thobwa ndimamwa sewero likatha. Pakhonde ndinabwererako, koma ndimangomvera. Lolemba lapitali a Jumbe anaimitsa makina n'kundiyang'ana.

"Lija la jekete analibwereza dzulo. Angati, madala?"

Mumtima ndinali nditakonza khumi. Ndinatsegula pakamwa, anthu onse akundiyang'ana.

"Asanu," ndinatero.