Tsiku Limene a Bornwell Anapha Mtsogoleri

Ku Chongwe kuno palibe wamkulu amene anaiwala a Bornwell Zulu, munthu wosadziwa kusiya ntchito ku ofesi. Ankabwera nayo pakamwa, n'kumaikamba mokweza mu minibasi, pamsika, ngakhale pamaliro. Ndipotu inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu asanadandaule za kusowa kwa ufa ankayamba wacheuka.

A Bornwell ankayendetsa kompyuta ya bungwe lina la alimi, chimakina chachikulu ngati kabati. Malamulo ake anali achikalekale, koma iwo ankawakonda ngati nyimbo za m'buku. Mapulogalamu a m'menemo ankawatchula ngati anthu: uyu kholo, awa ana, onse m'magulu, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake. Pulogalamu ikauma mutu, ankaitumizira siginolo yoti ife.

Wovutika anali mkazi wawo, a Mainess, wogulitsa tomato ndi repu pamsika.

"Mwachoma bwanji, atate ake Keziah?" anawafunsa tsiku lina.

"Ana anakana kumvera lelo. Nawapha onse!"

Amayi a pabenchi yoyandikana anakokera ana awo kumbuyo kwa chitenje.

Kunyumba nako kunali lamulo: osawaitana kawiri. "Makina akale aja amalandira siginolo yoyamba," ankatero, "koma yachiwiri ikabwera asanakonzeke, basi afa. Na ine nili chimodzimodzi." A Mainess ankaitana kamodzi, n'kukhala kuyang'ana ndiwo zikuzizira.

Zinafika poipa mu minibasi yochokera ku Lusaka. A Bornwell anatembenukira munthu wosamudziwa n'komwe: "Mvelani, mukapha mtsogoleri yekha, ana amatsala amasiye, amavuta. Siginolo iyenera kupita ku gulu lonse pamodzi!"

Bambo wina anatsikira pathengo.

M'mawa mwake tcheyamani wa nthambi ya chipani, a Ezron, anaima pabenchi ya a Mainess ndi anyamata achipani. Ankafuna a Bornwell pa mawu a mu minibasi aja. A Mainess ankadziwa anthu amene anatengedwa pa mawu ochepa kuposa awa, osabwerako msanga. Anatsatira gululo mpaka ku ofesi, tomato atamusiya padzuwa.

Koma a Bornwell ndiye anasangalala. Zaka zonsezi panalibe amene anafunsapo za ntchito yawo!

"Nkhalani apa, ba tcheyamani. Tinikizani apa, mumuphe mweka mtsogoleri uja."

"Ine? Sininagwire kanthu! Imwe nonse ndimwe mboni!" A Ezron anabisa manja m'khwapa.

A Bornwell anagogoda mabatani. "Wafa."

Thukuta linatsika m'khosi mwa tcheyamani. "Mtsogoleri uyu, ni wa chipani chiti?"

"Ni wa gulu losindikiza maina ya olandira feteleza."

"Nanga angauke?"

Anagogodanso. "Uyu, wauka."

A Ezron anapumira m'mwamba, n'kugamula kuti kuyambira tsikulo mawu oti kupha aleke, azinena kuti kupumitsa. A Mainess anathokoza chogwada.

Sabata yotsatira a Bornwell anatulukira pamsika, anthu ali thithithi, n'kufuula ali patali: "Amake Keziah! Mtsogoleri uja tamupumitsa lelo. Anankhalitsa maningi!"

A Mainess anakhala pansi m'dengu la repu.

A Bornwell sanamangidwe. Anthu anazolowera kuseka chogwira pakamwa, ndipo ena ankachita kusankha minibasi imene a Bornwell akwera, kuti amve mawu amene iwo sakanayerekeza kunena. Chipani chimodzi chitatha, makina aja anatayidwa, ndipo posakhalitsa mtima wa a Bornwell unaima ali pampando pakhonde.

Masiku ano aliyense amanena za atsogoleri mmene afunira, palibe wocheuka, palibenso woseka. A Mainess anakalamba pabenchi yomweyo. Anzawo akati, "Koma mwapumula, amayi," iwo amangopukusa mutu.

"Moyo wanga wonse nenze kupemphera kuti akhale chete," amatero. "Sin'nadziwe kuti Mulungu amamva bwino chonchi."