Bambo Wobweza Nsomba Mumtsinje

Lolemba

Mtundu wonse udziwe, ndipo mibadwo yam'tsogolo isadzanene kuti sinauzidwe: lero ndagula mbedza.

Chiyambi chake n'chakuti sabata yatha ndinapita kuchipatala ndi mutu wosamva panado. Adokotala andimanga chilamba choyezera magazi chija pamkono, akupopa, akuyang'ana makina, akuyang'ana ine, akupopanso. Akuti magazi akuthamanga ngati minibasi ya ku Liwonde ikaona inzake kumbuyo. Bipi. Akuti ndichepetse mchere ndi maganizo, ndibwerenso Loweruka. Ikapanda kutsika, mapiritsi tsiku ndi tsiku mpaka tsiku lodzandinyamula.

Mchere ndingathe. Maganizo sindikudziwa kuti amawachepetsa ndi supuni yanji.

Akazi anga, amake Tadala, sindinawauze. Sachedwa kudandaula.

Ndatenga tchuthi kuofesi. Pafoni ndaona mmene azungu amapumitsira mtima. Bambo wachipewa ali panyanja yabata, yekhayekha, akuwedza nsomba zotchedwa trout ndi bass. Akaigwira akuiyang'ana mwachikondi, akuijambula, kenako akuibweza m'madzi. Nkhope ya munthu amene sanaitanidwepo kumsonkhano wa bajeti.

Zida zanga:
ndodo yowedzera yopinda ya pakaunjika, ya mzungu wina amene mwina anachira;
mbedza ndi chingwe;
nyongolotsi m'chitini cha majarini;
chipewa;
digiri ya ku yunivesite, yomwe sindinyamula koma izindiperekeza mumtima.

Trout akuti ali pamwamba pa phiri la Zomba, m'madzi ozizira. N'kutali. Bass sindikudziwa adiresi yake. Ndiyamba ndi Shire. Nsomba ikabwera ya mtundu wina, dzina ndiipatsa ndekha.

Amake Tadala: "Kukawedza? Ndiwo zilipo m'nyumba muno." Ndawauza kuti si nkhani ya ndiwo. Andiyang'ana nthawi yaitali.

Lachiwiri

Liwonde. Kumtunda kwa baraji madzi atambalala, ukatsinzina diso limodzi ndi nyanja ndithu. Namasupuni akuyandama. Kutsidya mvuu ikuyasamula ngati mlonda wa kuofesi kwathu.

Ndapeza malo apandekha. Ndakhala. Ndaponya mbedza.

Bata latha ndi moni. Msodzi wina, bambo wachikulire wachisoti choyera, dzina lake Che Saidi, wasiya ukonde umene amasoka n'kubwera. "Mwataya chiyani, achimwene?" Sindinataye kanthu, ndikupuma. Ayang'ana nsapato zanga za kuofesi. "Kupuma kunyumba kulibe mpando?"

Dzuwa lili pamutu, chingwe chagwedezeka. Mlamba! Wakuda, wandevu, wonona ngati phungu. Si trout, koma sitisankha. Ndauyang'ana mwachikondi monga mwa malangizo. Iwo sunandiyang'ane. Ndaujambula. Ndauchotsa mbedza bwinobwino n'kuubweza m'madzi.

Anthu onse padoko atembenukira kwa ine.

Mayi wina wogula nsomba, beseni lili pamutu: "Yalakwa chiyani?"
Wina: "Mwina ndi a fishale, aboma oona za nsomba aja, akuwerenga."
Mayi uja: "Iyayi, ndimawadziwa awa. Ndi a ku Balaka. Akazi awo amagula kwa ine."

Ndafotokoza mwachidule za kupumitsa ubongo. Ndagwiritsa ntchito mawu oti chilengedwe. Palibe watsutsa. Anthu akandivomera msanga chonchi ndimayenera kukayika, koma lero ndili patchuthi.

Mutu ukupwetekabe, koma mwaulemu.

Lachitatu

Malo omwe aja. Che Saidi asamutsa ukonde wawo, tsopano akusokera pakati pa ine ndi madzi. Ndaponya mbedza modutsa paphewa pawo.

Mafunso a lero, motsatana:
"Kunyumba kuli bwino?"
"Ntchito ikadalipo?"
"Ana ndi anu onse?"

Ndayankha eya katatu. Akuti alhamdulillah, koma sakusuntha.

Gawo lachiwiri la mankhwala anga, malinga ndi foni, ndi kupuma mozama mapazi akukhudza nthaka. Ndavula nsapato n'kuziika pamodzi mwadongosolo, poti ndinaleredwa bwino. Foni ndi wotchi ndaika m'kati mwa nsapato kuti zisanyowe. Chipewa pamwamba. Ndayenda mpaka m'mphepete mwenimweni, ndatsinzina, ndatambasula manja, ndakoka mpweya.

Sindinautulutse. Anthu atatu andigwira lamba kumbuyo, ndakhala pansi m'matope.

Che Saidi: "Ng'ona, achimwene. Pamenepa pali ng'ona."

Ndayang'ana. Ana akusamba pomwepo.

Andiperekeza mpaka pa siteji. Wina wandinyamulira ndodo, wina nyongolotsi. Andikweza minibasi pakatikati, osati chakukhomo, ndipo Che Saidi anong'oneza kondakitala kanthu kena m'Chiyao. Kondakitala njira yonse akundiitana kuti bambo anga. Kondakitala! Anthu a ku Liwonde ndi ochereza, tiziwayamikira.

Nsomba lero: palibe. Kupuma: theka la mpweya umodzi.

Lachinayi

Chisankho: Shire ali ndi anthu ambiri. Munthu wa pafoni uja anali panyanja. Ndikupita kunyanja ya Chiuta.

Ndisanatuluke afika alamu anga, achimwene awo a amake Tadala, amene amagulitsa zitsulo za njinga pamsika. Sanatsekepo shopu chibadwire, ngakhale tsiku la ukwati wawo anatsegula chakumasana. Lero atseka. "Alamu, ndamva mwayamba zausodzi. Inenso ndimazikonda kuyambira kale." Munthu woopa ndi chithaphwi chomwe.

Amake Tadala akutipatsa mbatata yophika osandiyang'ana kumaso. Maso awo ndi ofiira. Akuti ndi utsi. Timaphikira magetsi.

Minibasi mpaka Ntaja. Kuchoka apo njinga zamoto, fumbi, mabampu amene mafupa anga awalemba pamtima. Alamu akukana kukwera njinga yawoyawo. Tathinana atatu pa imodzi, iwo kumbuyo kwanga, manja atandikulunga m'mimba ngati ndine thumba la feteleza wa makuponi.

Nkhani zawo njira yonse, akukuwa m'khutu: kuti moyo ndi wokoma; kuti mnzawo wina anachotsedwa ntchito koma lero ali ndi chigayo; kuti Tadala ndi mwana wanzeru wofunika bambo ake. Ndavomera zonse. Sindikudziwa chimene tikukambirana.

Nyanja yatithawa. Pomwe akuti panali doko pali matope ndi bango, madzi akuoneka uko ngati lonjezo la kampeni. Pakufunika bwato. Alamu: "Bwato iyayi. Ine ndili moyo, bwato iyayi."

Ndaponya mbedza m'bango. Yakola bango. Ndakoka, chingwe chaduka. Ndapita kuseri kwa chitsamba kukataya madzi, ndacheuka, alamu ali pambali panga akuyang'ana kumwamba ngati akuyembekeza ndege.

Chiwerengero cha trout m'boma la Machinga sichinasinthe chifukwa cha ine.

Mutu ukugunda m'makutu. Loweruka layandikira.

Lachisanu

Ndodo yasowa.

Zasowanso:
chingwe choyanikira zovala, zovala zili pa mpanda;
mankhwala a makoswe amene amakhala pamwamba pa kabati;
lumo langa lometera;
kiyi wa kuchipinda.

Ndafunsa. Amake Tadala akuti akukonza m'nyumba.

Chakumasana kwafika amayi a kumpingo ndi mkulu wa mpingo mmodzi, bambo wa jekete ngakhale kutenthe bwanji. Sikuti kuli maliro, sikuti kuli mwana wobadwa. Akhala pabalaza, andiika pakati. Nyimbo ziwiri, zonse zolimbikitsa ofooka. Kenako pemphero, ndipo m'pempheromo ndi momwe ndamva mbiri yanga yonse: kuti mtumiki wanu uyu amapita kumtsinje yekha, kuti chakudya chimene mwam'patsa amachibweza m'madzi, kuti Lachitatu anavula nsapato, n'kusiya foni ndi wotchi kuti ana adzagawane.

Ndatsegula diso limodzi.

Ndiye kuti mayi wa beseni uja anafika ku Balaka ine ndisanafike. Ndiye kuti kunalibe ng'ona. Ndiye kuti alamu sakonda zausodzi. Munthu wa digiri, zanditengera pemphero kuti ndimve zimene kondakitala anamva ndi kunong'oneza kumodzi. Kuno munthu wamkulu sakhala yekha pafupi ndi madzi akuya popanda chifukwa, ndipo chifukwa chake anthu amachidziwa chimodzi chokha.

Pambuyo pa ameni ndayesa kukonza. Ndati ndimangofuna kupumitsa mtima.

Mkulu wa mpingo, mofatsa kwambiri: "Kuupumitsa ku chiyani, bambo?"

Yankho ndi bipi. Amake Tadala ali pomwepo, chitenje chili pakamwa. Ndikanena pano, pamaso pa mpingo, amva kuti ndawabisira sabata yonse. Ndasankha kukhala chete. Kukhala chete kwanga kwalandiridwa ngati umboni, ndipo ayambitsa nyimbo yachitatu.

Uthenga wochokera ku Liwonde kudzera kwa mayi wa nsomba yemwe uja: Che Saidi andichitira duwa, pemphero lawo lija, kumzikiti lero. Zipembedzo ziwiri zagwirizana pa nkhani yanga. Boma lakhala likulephera zimenezi.

Loweruka

Ndavala kuti ndizembere kuchipatala. Amake Tadala ali kale pakhomo, nsapato kuphazi. "Komwe mukupita ndikupita." Sanafunse kuti ndi kuti.

Tanyamuka limodzi. Titakhota kulowera kuchipatala ayima pang'ono, kenako anditsatira.

Chilamba, kupopa, makina. Adokotala: "Ndinati mukapume. Mumakatani?" Ndati ndimawedza. Akuti ndisiye. Yakwera kuposa poyamba. Mapiritsi, m'mawa uliwonse, osadumphitsa, ndipo izi si zokambirana.

Amake Tadala kuchokera pampando wapakona: "Adokotala, akudwala chiyani?"

Awauza. Awauzanso kuti ndinabwera sabata yatha. Chinsinsi changa chatha ngati shuga wa m'nyumba ya alendo ambiri.

"Bipi basi?"

Basi.

"Bipi yomweyi ili ndi theka la amayi a kumpingo?"

Yomweyo.

Sanakalipe. Aseka pang'ono, kuseka kopanda mawu, kenako agwira mutu ndi manja onse awiri. Adokotala awayang'ana, n'kunena kuti mayi, tabwerani nanunso tikuyezeni.

Yawo yaposa yanga.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Sindinakonzeke kulandira moni wa anthu amene anandiimbira nyimbo zitatu. Mkulu wa mpingo akuti alengeza kuti ndachira, zomwe si zoona kumbali zonse.

Patebulo pali timapaketi tiwiri ta mapiritsi, tawo ndi tanga. Tamwa limodzi ndi tiyi wopanda shuga wokwanira. Lumo labwerera. Alamu atsegula shopu ndipo akuuza makasitomala kuti anandipulumutsa ku Chiuta. Sindiwatsutsa, anatseka shopu tsiku lathunthu.

Mawa kuofesi. Akandifunsa za tchuthi ndidzati ndinapita kunyanja.

Masana, akusankha nyemba, amake Tadala ayankhula osakweza mutu. Akuti kuyambira Lachitatu amaphika koma chakudya sichimatsika. Akuti amayeseza mumtima mmene akamuuzire Tadala kusukulu yogonera komweko, mawu oyamba akhale ati. Anafika posankha ndi munthu woti akamutenge. Anena zimenezi ngati akunena za mtengo wa tomato, kenako apempha kuti ndiwapatsire lichero.

Ndinabisa kuti asadandaule. Ndalemba chiganizo chimenechi n'kuchiyang'ana kwa kanthawi. Palibe choseketsa chimene ndachipeza choti ndiwonjezere.

Chakumadzulo ndapita pa okala kukagula buledi. Pafupi pomwepa, msewu umodzi. Pobwera ndawapeza ataima pageti, akuyang'ana mbali imene ndinalowera. Akuti amafuna kuona ngati kukubwera mvula.

Kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Ndawapatsa buledi, talowa.