Thupi la Ba Nsofwa

Ku Serenje kunalibe nyama imene inkadutsa pamaso pa Ba Nsofwa osaitchula mtundu wake. Kaya ndi buluzi pakhoma, kaya ndi nkhono pamsewu, mkuluyu ankaima, n'kukweza magalasi pamphumi, n'kuyamba kutchula abale a nyamayo mpaka akuchikazi. Anaphunzitsa za zamoyo kusekondale mpaka tsitsi kuyera, ndipo atapuma ntchito boma linangowalanda choko basi. Tauni yonse inasanduka kalasi yawo.

Amene anamva zambiri anali Ba Kapembwa, kalipentala wa kuseri kwa msika, chifukwa Ba Nsofwa ankaswera pabenchi la pashedi pawo. Anali paubwenzi kuyambira ali anyamata, ndipo Ba Kapembwa ankakhulupirira chilichonse chotuluka m'kamwa mwa mnzawoyo.

Nyengo ya mphalabungu ikafika, amayi apamsika ankavundikira mabeseni akangowaona.

"Bana Mwaba, mukudziwa kuti mukugulitsa ana a eni ake? Awa ndi makanda a gulugufe, a m'gulu la miyendo isanu ndi umodzi."

"Miyendo yambirimbiri iyi, Ba Ticha? Werengani bwino."

"Yeniyeni ndi yakutsogoloyi. Inayo ndi yobwereka."

"Ndiye mugula, kapena mukufuna kuwalemba sukulu?"

Mileme ikadzaza kumwamba, tsoka kwa munthu wonena kuti mbalame zabwera. Ba Nsofwa ankamutsatira mpaka kwawo akumufunsa kuti ndi mbalame iti imene anaionapo ikuyamwitsa.

Tsiku lina mayi wina anagwira mwamuna wake pakhosi pa depoti ya basi, akukuwa kuti, "Njoka iwe! Njoka!" Anthu ankaopa kuleretsa, koma Ba Nsofwa analowa pakati.

"Mayi, mwalakwa kwambiri."

Mwamunayo mtima unakhala pansi poganiza kuti wapeza womuteteza.

"Njoka ili ndi msana. Uyu ndimamudziwa, ndinamuphunzitsa ndine. Mutchuleni nyongolotsi."

Koma chimene sichiiwalika ndi ukwati wa mwana wa Ba Kapembwa. Atapatsidwa mwendo wa nkhuku, Ba Nsofwa anaimirira nawo, anthu n'kumaganiza kuti akufuna kulangiza akwati.

"Thupi lililonse, la nkhuku ngakhale la mkwatibwi, linapangidwa ndi zinthu zinayi," anatero akusenda mwendowo. "Ichi ndi chokuta, khungu ndi zinzake zam'kati. Uwu ndi mnofu, wokoka. Fupali, mafutawa ndi magazi omwe, ndi zomanga. Ndipo kaulusi aka, mwakaona? Ndi konyamula mauthenga kuchokera ku ubongo."

Mkwatibwi anakankha mbale. Tebulo lonse linangomwa munkoyo wokha.

Tsiku limenelo, akubwerera, ndi pamene Ba Nsofwa anaulula zakukhosi kwa mnzawo.

"Mune, mnzanga, zinthu zinayi zabwinobwinozi ndikazipereke kwa chiswe? Ine ndikafa musandikwirire. Mukandisiye kusukulu ya madokotala ku Ndola, ana akanditumbule aphunzirepo. Abale anga adzakana, koma inu mudzaime nji. Ndipo bokosi musandikhomere."

Ba Kapembwa anatuluka thukuta, koma analumbira atagwira hamala. Anali atasunga matabwa a mukwa kudenga, akuti woyamba kufa mwa awiriwa adzagonamo. Anawatsitsa n'kupangira munthu wina chitseko.

Ba Nsofwa sankadziwa kusunga nkhani, choncho tauni yonse inamva, ndipo amene anavutika ndi Ba Kapembwa. Kutchalitchi anawachotsa pa ukulu wa mpingo. Pamsika ankawatchula kuti wogulitsa mitembo. Ena anasiya kuwapatsa ntchito, ati mipando yawo ingabweretse maloto oipa. Akazi awo anawafunsa ngati nawonso adzawatumiza ku Ndola. Iwo ankangoyankha kuti, "Ba Nsofwa ndi munthu wolimba mtima. Inu simungamvetse."

Zaka zinapita. M'mawa wina wa dzinja, Ba Nsofwa sanabwere pabenchi. Anawapeza pampando wa pakhonde pawo, magalasi ali pamphumi, atapita kale.

Ba Kapembwa sanayambe ndi kulira. Anathamanga kukapempha lole ya mnzawo wonyamula tomato, n'kufika nayo pasiwa ikuliza hutala. Anaima pakhomo atatambasula manja.

"Pano sipalowa bokosi! Mwini wake ananena, ndipo ine ndinalumbira!"

Adzukulu a malemu anavula majekete kukonzekera ndewu. Abusa anabisala kuseri kwa kwaya. Pamenepo Bana Ngosa, mlongo wake wa malemu, anadzuka pamphasa n'kuwagwira dzanja.

"Ba Kapembwa, tabwerani muone."

Anawatengera kunyumba kwawo, tsidya la msewu, n'kutsegula kachipinda kosungiramo zokolola. Pakona panali bokosi la maliro, lodzaza ndi mtedza.

"Analibweretsa okha kalekale kuchokera ku Mkushi, atalikuta ndi matumba. Anati ndidzawaike pafupi ndi amayi, ndipo dokotala asadzawakhudze. Achimwene ankaopa ngakhale jakisoni, inu simunkadziwa?"

Ba Kapembwa anatsamira khoma.

"Kalekale liti?"

"Chaka chomwe chija cha ukwati wa mwana wanu."

"Nanga ine?"

"Anati Ba Kapembwa musawauze, angakhumudwe."

Ba Kapembwa anakumbukira tsiku limene anawachotsa pa ukulu wa mpingo. Ba Nsofwa anabwera pashedi, n'kuwagwira phewa, n'kuwauza kuti anthu a nzeru amazunzidwa nthawi zonse. Nthawi imeneyo n'kuti bokosi lili kale pakona, likusunga mtedza.

Ba Kapembwa anayandikira bokosilo n'kuliyendetsa chala m'mbali. Linali la paini wosauma, lopotoka, misomali ili panja ngati minga ya nungu.

"Ku Mkushi! Munthu wokhoma ichi sangakhome ngakhale khola la nkhunda! Ndiye kundinamiza sikunakwane, mpaka kukagula kwa wina?"

"Chivundikiro sichikutsekeka bwino," anatero Bana Ngosa motsitsa mawu. "Timati mwina inu..."

Ba Kapembwa anatuluka. Mwini lole anawafunsa ngati ulendo wa ku Ndola ulipo, iwo n'kumuuza kuti akanyamule tomato wake. Anthu anaganiza kuti apita osabweranso. Koma posakhalitsa anatulukira ndi thumba la zida. Anakhuthula mtedza pansi, anazula misomali yonse, anapala, anawongola, n'kukhomanso. Ankamenya hamala mwaukali moti amayi oimba pasiwa anasiya nyimbo, sankamvananso. Pokhoma chivundikiro mnzawo ali kale m'kati, amene anali pafupi anawamva akuti, "Wamantha iwe. Ukanangondiuza."

Kumanda anapita, koma anaima kumbuyo, ndipo atapemphedwa kuti alankhule anapukusa mutu. Mpingo unawabwezera udindo wawo, iwo anaukana. Benchi lija analigadabuza n'kusanjikapo matabwa.

Mvula isanathe, amayi ochokera kumunda anapeza kanyama kachilendo mumzere. Kanali ngati njoka, konyezimira, koma kali ndi timiyendo tiwiri tating'ono kumbuyo. Anakaika m'ndowa n'kuyamba kukangana, wina njoka, wina buluzi, wina ufiti. Mkangano uli m'kati, miyendo inawatengera yokha kunyumba ya Ba Nsofwa, ndipo anazindikira ali kale pageti, mawindo ali otseka, udzu utamera pakhonde. Anatembenuka mwakachetechete n'kupita kushedi.

"Ba Kapembwa, inu munkakhala nawo. Ichi n'chiyani?"

Ba Kapembwa anasuzumira m'ndowamo nthawi yaitali.

"Sindikudziwa," anatero. "Ine ndinkangovomera."

Amayiwo anadikira pang'ono, ngati kuti wina atulukira pakona. Kenako Bana Mwaba anapendeketsa ndowa, kanyamako n'kulowa m'udzu kopanda dzina. Aliyense anabwerera kwawo msanga, popeza panalibe wowachedwetsa. Ba Kapembwa anatenga sowo, anaika pathabwa, koma mzere wa pensulo sunkaoneka bwino. Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kutukwana utuchi.