A Zgambo, Makanika Woyimbitsa Eni Magalimoto

Pa Mzimba Boma pano, aliyense amene anakhalapo ndi galimoto anayimbapo pamaso pa a Justus Zgambo. Sindikunena za kwaya ayi. Makanika ameneyu sankakhudza boneti mwini galimoto asanatsanzire ndi pakamwa mmene injini yake ikulirira. Ukafika pansi pa bulugamu kuseri kwa msika, pomwe panali galaja yawo, n'kuyamba kufotokoza bwinobwino, iwo ankakweza dzanja lakuda bii ndi girisi.

"Yayi, adada, nkhani zitalizitali n'za kukhoti. Pano yimbani."

Ndinaona ndi maso angawa m'busa wina, kolala ili m'khosi, atatupitsa masaya: "Gudugudu, tswii! Gudugudu, tswii!" A Zgambo anatsinzina, mutu atapendeketsa.

"Tswii wachiwiriyo ndi wa galimoto kapena mwawonjeza nokha?"

"Ndi wa galimoto."

"Mbwenu lamba wa fani watha. Koma mawu muli nawo, abusa. Lamulungu muzilalikira choncho, anthu asiya kugona."

Dalaivala wina wa lole ya matabwa ya ku Luwawa, chimunthu chodzaza chitseko, anakanitsitsa kuti iye si mwana wa sukulu ya mkaka. A Zgambo sanakangane naye. Anakhala pa tayala n'kumasenda chinangwa. Anthu awiriwa anayang'anizana kuyambira mmawa mpaka dzuwa pamutu, ndipo chimunthu chija chitagonja, chinabangula mpaka amayi ogulitsa tomato anaomba m'manja. Titawafunsa chifukwa chozunzira anthu chonchi, anati munthu pofotokoza amanama, amati vuto layamba lero lomwe, koma poyimba amatulutsa zonse zimene wakhala akumva mwezi wathunthu.

Ine Stewart ndinkaseka nawo, mpaka tsiku langa linakwana.

Ndimayendetsa pikapu ya a Walter Gausi, omwe akhala ku Joni zaka khumi ndi chimodzi. Ndimanyamula chimanga ndi fodya pakati pa Jenda ndi Boma. Bwana ameneyu galimoto yake amaikonda kuposa abale ake, ndipo nthawi imeneyo Loweruka lililonse ankaimba foni ya vidiyo kuti aione. Ankafuna matayala owala, mipando yowala, ngakhale injini yowala. Ndiye ine ndinkapita nayo kumtsinje, kutsegula boneti, n'kuikhuthulira zidebe za madzi mpaka mbee.

Loweruka lina anati ndiilize kuti aimve. Injini inakuwa ngati yaona njoka. Kamuvi koonetsa liwiro la injini, kamene kamakhala pansi pa wani galimoto ikangoima, kanakwera mpaka pa thuu n'kukhazikika pomwepo.

"Stewart, chotsa phazi pamoto!"

"Bwana, ndili panja. Mapazi onse awiri ndi awa."

Ndinawaonetsa mapaziwo pafoni, koma sizinathandize. Mafuta anali atayamba kale kutha msanga, ndipo achibale ena anali atawauza kuti ndimathamangitsa galimoto pa Jenda pofuna kudzionetsa kwa atsikana. A Gausi anati injini ndaipha ndine, ndipo Lachisanu ndikasiye makiyi kwa akazi awo, anyaJere. Ndili ndi ana atatu pasukulu, ndipo pa Boma pano dalaivala wochotsedwa ntchito chifukwa chopha injini sapatsidwanso ngakhale wilibala.

Lolemba mmawa ndinali pansi pa bulugamu. A Zgambo, omwe nkhani ya makiyi inali itawafika kale, sanachite kundiuza zoti ndiyimbe. Ndinavula chipewa n'kuyamba: "Wiiiii, hmm, wiiiii!"

"Ikatsika imabwerera yokha?"

"Yokha, adada."

"Sailensi yakwera chomene," anatero, kutanthauza kulira kwa injini galimoto ikangoima osaponda moto. "Tiyeni tione amene akuiputa."

Anayamba ndi zinthu zoti ine ndinachita nazo manyazi. Anasuzumira ngati kapeti yapanikiza chopondera moto. Anakoka waya wake kuti aone ngati ukubwerera. Anatenga kachidutswa ka paipi ya madzi, mbali ina kukhutu, ina n'kumayendetsa m'mapaipi a mpweya kusaka pobooka. Anatsegula pakhosi pomwe injini imakokera mpweya, napukuta mwaye. Injini inangokuwabe. Kenaka analoza kanthu kakuda konga bokosi la machesi, komangidwa pambali pa khosi lija.

"Aka ndi kasensa. Ntchito yake n'kuuza kompyuta ya galimoto mmene wapondera moto. Tsono kakunena kuti waponda pomwe sunaponde. N'kabodza, ngati achibale a bwana wako."

Anakayeza ndi mita yawo yomangidwa ndi mphira, manambala n'kumadumphadumpha chopondera chili phee. Atazula pulagi yake, munatuluka timadzi, ndipo timawaya tam'kati tinali tobiriwira ndi dzimbiri. Anatembenukira kwa ine.

"Amaisambitsa ndani injini iyi?"

Nditawafotokozera za Loweruka, anati ndiimbe foni ku Joni pompo. Nkhope ya a Gausi inatulukira ali m'minibasi yodzaza, akupita kuntchito.

"Monire, a Gausi. Galimoto n'njanu?"

"Enya, n'njane."

"Mbwenu yimbani. Mnyamata wanu wayimba kale, koma lamulo likuti mwini wake."

"A Zgambo, ndili pakati pa anthu!"

"Na ine wuwo ndili pakati pa anthu. Ndikudikira."

Bwana wanga, munthu wa nyumba ya malata ofiira, anaweramira pafoni n'kulira "wiiii" motsitsa. A Zgambo anati sakumva, netiweki ikuvuta. Anabwereza mokweza, mpaka mayi amene anakhala naye pampando anasuntha. Ine ndinaluma chipewa kuti ndisaseke, poti ntchito inali isanabwerere.

"Mwayimba bwino," anatero a Zgambo, akuonetsa pulagi ija pafoni. "Madzi awa mukuwaona? Mwakhala mukuibatiza galimoto Loweruka lililonse, tsopano yayamba kulankhula malilime. Wapha sensa ndinu, muli ku Joni komweko. Uyu amangonyamula chidebe. Ndapota, musiyeni mwana wa eni adyetse ana ake."

Kenaka bwana anakhosomola nati, "Stewart, makiyi sunga. Injini uzingoipukuta ndi kansanza." Kupepesa kwake kunathera pomwepo. Sensa ina inabwera Lachitatu kuchokera ku Mzuzu, ndipo ataimanga, kamuvi kanatsika n'kukhala pamalo pake.

A Zgambo anatisiya mu Juni chaka chatha, atadwala chibayo sabata imodzi yokha. Uthenga utafika ku Joni, a Gausi anandiimbira nati nditenge pikapu ndikanyamule bokosi. Kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda ndinaika giya wani, phazi n'kulichotsa pamoto. Galimoto inayenda yokha pang'onopang'ono, mofanana ndi mapazi a anthu amene ankatsatira pambuyo, osathamanga ngakhale pang'ono. Ndinalira njira yonse, msewu osauona bwino.

Bulugamu uja alipobe. Pansi pake udzu umakana kumera chifukwa cha oyilo wa zaka makumi atatu, ndipo pano pamakhala munthu wogulitsa makala. Galimoto ikavuta masiku ano timapita nayo ku Mzuzu, amailumikiza ku kompyuta, amakupatsa pepala, n'kubwerako osaseka ndi kamodzi komwe. Kuseri kwa msika kunazizira, ndipo ine ndimawasowa kwambiri mdala ameneyu.

Mwana wanga woyamba walemba mayeso a Fomu 4 chaka chino. A Zgambo sanamudziwe ngakhale dzina. Ndinkati tsiku lina ndidzapita ndi ana onse atatu kuti akawagwire chanza, koma masiku onsewo ndinkangoliza hutala podutsa.