Mwala wa Mkamwini

Mukadzakwera phiri lina cha ku Dzalanyama n'kupeza katchalitchi ka miyala pamwamba pake, musadzafunse za chimwala chili pafupi ndi khomo. Adzakuuzani zonse, kenako adzakulozerani nyumba yomwe ndimakhala.

Ine kwathu ndi ku Nathenje, koma ndili pa chikamwini m'mudzi wa m'tsinde mwa phirilo, kupitirira Mitundu. Katchalitchiko n'kochepa, malata ake adzimbiri, komabe chaka chilichonse anthu amabwera pa malole kudzapemphera. Mwambo wake ngwakuti aliyense atole mwala kumunsi, akwere nawo, akauike pampanda. Akuti ndi mmene anakamangira matenanti a fodya omwe analibe kopempherera.

Mwini mbiriyi ndi a Filipo, amalume a mkazi wanga. Amaifotokoza chaka ndi chaka, ndipo imanenepa ngati nkhumba yodya madeya. Nditangobwera kumene, matenantiwo ankangosenza miyala basi. Chaka chinacho analibe nsapato. Kenako afisi anayamba kuwaperekeza (ndinkadikira chaka choti afisiwo adzayambe kusenza nawo).

Tsoka lake, a Filipo omwewo ndiwo mwinimbumba. Ine ndinali nditatopa n'kulima minda ya eni, ndinkafuna andilole chitengwa, ndipite ndi mkazi wanga ku Nathenje. Mkazi wangayo anandilangiza kuti, "Amalume amakonda munthu wolemekeza phiri. Chaka chino muonetse khama, mukapemphe ali okondwa."

Tsiku la ulendo, lole ya a Saidi a ku Mitundu inatsitsa alendo pamtsetse. Nditaona zomwe anthu ankatola, ndinanyansidwa. Azibambo athunthu, mimba kutsogolo, kunyamula timiyala toponyera mpheta. Mayi wina anaponya kamwala kake m'kachikwama pamodzi ndi foni. Ndinati chikhulupiriro cha anthu awa n'cha legeni.

Ndiye ndinauona wanga. Waukulu, wamakona, uli kuseri kwa lole, utatsamira tayala. Anthu atayamba kukwera akuimba, ndinaugwedeza, kuukoka, kuumenya chidendene, mpaka unatuluka. (Inde, ndinadabwa kuti walimbiranji chonchi. Ayi, sindinaganize.)

Ndinauika paphewa, thukuta lili kamukamu, malaya anga a ukwati n'kung'ambika kukhwapa. Ndinkapitirira anthu dala, ndikuwayang'ana m'manja. Pofika pamwamba a Filipo anagwedeza mutu.

"Mkamwini, uwu ndiye mwala. Makolo ankasenza yotere."

Mtima wanga unati myaa. Ndinayamba kuwerengera kuti katundu wathu akwana pa minibasi imodzi kapena ayi.

A Filipo anaimirira, anayamba mbiri ija. Atangofika pa afisi, a Saidi, omwe anangokwera nafe kudzapuma pamthunzi, anafunsa motsitsa mawu.

"Pepani akuluakulu, lole ikupita iyo si yanga?"

Tonse tinacheuka. Kumunsi kuja lole inali kubwerera chambuyo yokhayokha, mwaulemu, yosathamanga n'komwe. Inawoloka msewu, inathyola mpanda wa udzu, n'kukalowa m'chigafa chodzaza fodya woyanika. Chigafacho chinagwada. Chinali cha a Filipo.

Mayi wa kachikwama uja anali atayamba kale kulengeza kuti taona chozizwitsa.

"Chozizwitsa chanji," anatero a Saidi. "Handibuleki inafa kalekale, giya nayo imatopa. N'chifukwa chake ndimaika mwala."

Maso onse anatsikira pamapazi anga. Mwala uja unali ndi chidindo cha tayala, chakuda bii.

"Mkamwini," anatero a Filipo, "mwala uwu munautenga pati?"

"Pansi, bambo."

"Pansi pa chiyani?"

Ndinayang'ana mkazi wanga. Iye anali kuwerenga buku la nyimbo chozondotsa.

Palibe anavulala, kupatula fodya ndi ine. Chigafa ndinamanganso ndekha, anthu a timiyala aja akudutsa n'kumandipatsa moni wautali. Nditamaliza ndinalimba mtima, ndinakapempha chitengwa chija. A Filipo anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Mupite bwanji? Nanga alendo akamafunsa za mwalawu, tiziloza ndani?"

Ndiye ndikadali konkuno. M'mbiri muja afisi anachotsedwa, ndinalowamo ine, ndipo chaka chatha lole ija akuti inachita kuuluka. Tsiku la ulendo sindikweranso phiri, ntchito yanga ndi kukhala kumunsi kulondera matayala. Manyazi ndili nawo, sindikana. Koma mukadzafika, mudzayang'ane bwino mpanda wonse uja, mudzandiuze ngati pali mwala wina wooneka kuposa wanga.